Mwambi wakuti "moto umapita kumene kwatsala tchire": tchire lake ndi liti?

Mphunzitsi wa ku Chitakale:
Akuluakulu, ndithandizeni. Dzulo ndimaphunzitsa ana a Fomu 1 za kuyaka kwa zinthu. Ndinawauza kuti moto umakhala pa mafuwa atatu ngati mphika: choyaka, mpweya wa okosijeni, ndi kutentha. Mukachotsa fuwa limodzi, mphika wagwa. Ndinayatsa kandulo n'kuivindikira ndi tambula, ana n'kuona lawi likufota mpaka kuzima, kandulo ikadali yaitali. Chachepa m'tambulamo ndi okosijeni, amene mumpweya tikupumawu alimo pafupifupi magawo 21 okha pa 100.

Nditafika pa choyaka, mtsikana wina anakweza dzanja nati agogo ake amakonda kunena kuti moto umapita kumene kwatsala tchire. Mtima wanga unadumpha, chifukwa phunziro lonse lili m'mawu amenewo. Koma atandifunsa chimene agogowo amatanthauza akamanena mawuwa pakhonde, popanda moto uliwonse, ndinangoti kakasi. Ine mwambiwu ndinkaumva pamaliro. Mnzanga wina akuti umanena za munthu wadyera amene amathamangira kumene kukadali chakudya. Tanthauzo lenileni ndi liti? Nanga "lupsa" ndi moto womwewo kapena malo?

Nkhalamba ya ku Bvumbwe:
Aphunzitsi, za dyerazo ayi. Mwambiwu ndi wochenjeza. Mnzako akagwa m'tsoka usamseke. Iye wapsa kale, moto ulibenso chodya kwa iye. Tchire lotsalalo ndiwe amene ukuwombera m'manja. Ndi mbale wake wa uja wakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lupsa ndi malo, mwana wanga: pakuda bii, phulusa ndi zitsa zokhazokha, pomwe anyamata amakumba mbewa chilimwe.

Woperekeza alendo wa ku Likhubula:
Agogo anena zoona. Ine ndimakwera ndi alendo paphiri la Mulanje, ku Chambe, ku Lichenya mpaka ku Sapitwa, pa mamita 3,002, ndiye mwambiwu ndimauona ndi maso. Mu Seputembala ndi Okutobala, usiku, tayang'anani phiri muone mzere wofiira ukukwawa. Kumbuyo kwake kuli mdima, moto wonse uli kumaso kumene kuli udzu. Muwauzenso anawo kuti moto umathamanga kwambiri pachitunda kusiyana ndi potsetsereka, chifukwa kutentha kumakwera m'mwamba n'kuumitsiratu udzu wakutsogolo lawi lisanafike. Njira zotchinga moto zimene timalambula ndi makasu n'kuulanda tchire basi, ukafika pa dothi lambee umagwa ulesi.

Chimandiwawa ndi mkungudza. Mtengo wa dziko lathu uwu umamera mwachilengedwe paphiri lino lokha, ndipo mbande zake sizipirira moto. Ndinadzalapo zanga ndi manja angawa, chaka chotsatira ndinapeza timitengo takuda tokhatokha. Ndinakhala pamwala osayankhula.

Mayi wa ku Luchenza:
Zikomo aphunzitsi poyambitsa nkhaniyi. Ine funso langa ndi la kukhitchini. Chifukwa chiyani nkhuni zimatulutsa malawi aatali koma makala pambaula amangofiira? Nanga nkhuni zonyowa ndi chiperoni, utsi wonse uja umachokera kuti?

Mphunzitsi wa ku Chitakale:
Amayi, mwafunsa bwino. Chimayaka n'kukhala lawi si chikuni chenichenicho, koma mpweya umene chikunicho chimatulutsa chikatenthedwa. Wootcha makala amakwirira nkhuni ndi dothi kuti okosijeni alowe pang'ono, mpweya woyaka uja n'kuthawa, kutsala kaboni. N'chifukwa chake khala limangonyeka mwakachetechete. Nkhuni zonyowa zimawononga kutentha pophwetsa madzi, ndiye mpweya uja umatuluka wosapsa bwino. Utsi wokuliritsani ndi umenewo, mwaye wa kudenga ndi womwewo. Mukauzira kapena kukupiza ndi chivindikiro mukuwonjezera okosijeni, moto n'kuyera.

Ndikupempheni chinthu chimodzi, poti kuno Juni ndi Julayi kumazizira zedi: musagone ndi mbaula m'nyumba yotseka. Makala akasowa mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide. Saoneka, sanunkha, munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso.

Agogo, ndathokoza. Lolemba ndikawauza ana monga mwanenera, ndipo ndikawatulutsa panja ayang'ane phiri. Koma pali chimene chikundivutabe. Mvula yoyamba ikagwa, pa lupsa paja pamaphuka msipu wanthete, ndipo pofika chilimwe china pakhalanso tchire. Ndiye wopsa kale uja, makolo ankamuona ngati wapulumukiratu, kapena pali mwambi wina womuchenjeza iyenso?