Kukonzekera triathlon ya mtunda wautali uku ndili pa ntchito: nthawi ndiigawe motani?

Wapanjinga wa ku Randburg:

Moni nonse. Ndimagwira ntchito ya mu ofesi kuno ku Johannesburg kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, ndipo ndili pa banja, ana akadali ku pulayimale. Mtima wanga uli pa mpikisano wa triathlon wotchedwa Ironman umene umachitikira ku Gqeberha, mzinda womwe ambirife timautchulabe kuti Port Elizabeth. Kwa amene simukuudziwa, munthu amasambira m'nyanja makilomita 3.8, n'kupalasa njinga makilomita 180, kenako n'kuthamanga makilomita 42.2, zonsezi tsiku limodzi, ndipo nthawi zambiri malire ake amakhala maola 17. Kuthamanga ndinakuzolowera, njinga ndimapalasa Loweruka ndi anzanga, koma kusambira ndimadziwa kwa m'mitsinje ya kwathu ku Mulanje, kotukula mutu pamwamba pa madzi. Ndikupempha inu amene munayendapo njira imeneyi mundiuze zoona: kodi pamafunika maola angati pa sabata, ndipo ndingawagawe motani kuti ntchito ndi banja zisavutike?

Mayi wa ku Durban:

Achimwene, n'zotheka, ndipo ambiri amene amamaliza mpikisanowu ndi anthu apantchito ngati inu ndi ine. Ndondomeko zambiri zolembedwera anthu otanganidwa zimayambira pa maola 8 pa sabata n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka 14 kapena 15 m'masabata ochepa olemetsa, mpikisano utayandikira. Komabe ndikuona kuti chofunika kwambiri si chiwerengero cha maolawo, koma malo amene mwawaika m'sabata.

Masiku a ntchito, chilichonse chichitike m'mawa musanapite ku ofesi, chifukwa madzulo si anu. Msonkhano umatalika, msewu umadzaza, mwana amafuna womuthandiza ntchito ya kusukulu, ndipo zokonzekera zimene munaziika 6 koloko madzulo zimangofera m'mazira. Ola limodzi kapena ola ndi theka m'mawa uliwonse, kuyambira Lachiwiri mpaka Lachisanu, ndi lokwanira. Izi zikutanthauza kuti 9 koloko usiku muzikhala mutagona. Amene amadula tulo kuti apeze nthawi yokonzekera amadzinamiza, pakuti thupi limalimba pamene likupuma, osati pamene likuthamanga.

Loweruka ndi la njinga. Pa tsiku la mpikisano pafupifupi theka la nthawi yonse mudzakhala pa chishalo, choncho njinga ndiyo iyenera kudya gawo lalikulu la maola anu. Yambani ndi maola awiri kapena atatu, mukwere mpaka asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo mukangotsika muzivala nsapato n'kuthamanga mphindi 20 kapena 30, kuti miyendo izolowere kulemera kumene imamva ikachoka pa njinga. Lamlungu muthamange mtunda wautali, ndipo Lolemba mupume kotheratu. Zambiri mwa zimenezi muzichita pa liwiro loti mungathe kucheza ndi mnzanu popanda kupuma mwawefuwefu. Zolimba zikhale kawiri kokha pa sabata. Sabata yachinayi iliyonse muchepetse katundu.

Musanalipire ndalama yolembetsera, khalani pansi ndi mayi akunyumba muwaonetse kalendala yonse, makamaka Loweruka lililonse limene mudzachoke kusanache n'kubwera masana muli wotopa. Iwo ndi amene adzasenze ana pa maola amenewo, ndiye ayenera kuvomera akudziwa kukula kwa chimene akuvomera.

Wosambira wa ku Centurion:

Ndikugwirizana ndi mayi pa za kagawidwe ka sabata, koma ine ndikuda nkhawa ndi chiganizo chimodzi cha m'funso lanu, bambo, chonena za kusambira kotukula mutu. Kusambira ndi gawo lalifupi kwambiri la mpikisano, komabe ndilo khomo: amene sanatuluke m'madzi pasanathe maola awiri ndi mphindi 20 saloledwa kukwera njinga, ngakhale akhale katswiri wotani pa msewu. Ndipo kusambira sikufanana ndi kuthamanga, kumene mphamvu ndi khama zimakufikitsa patali. M'madzi chimalamulira ndi luso. Mukatukula mutu miyendo imamira, thupi limayenda chopendekeka, ndipo mphamvu zonse zimathera polimbana ndi madzi m'malo mopita patsogolo. Pezani mphunzitsi kwa miyezi ingapo akuphunzitseni kutulutsa mpweya nkhope ili m'madzi ndi kupumira cham'mbali. Kulowa m'dziwe katatu pa sabata kwa mphindi 40 kumapindula kuposa kulowamo kamodzi kwa maola awiri, ndipo ngati pali dziwe pafupi ndi ofesi yanu, nthawi ya nkhomaliro ingakwane.

Chachiwiri, Johannesburg ilibe nyanja, pamene ku Gqeberha mudzakumana ndi mafunde, madzi amchere ozizira, ndi anthu mazanamazana okugundani mbali zonse. Muyenera kuzolowera madzi opanda mzere pansi, mutavala wetsuit yanu (chovala chothina chosambirira chimene chimateteza ku kuzizira), ndiponso muli ndi anzanu, osati nokha. Midmar Mile, mpikisano wosambira wa ku KwaZulu-Natal umene umachitika mu February, ndi makilomita 1.6 okha, koma imaphunzitsa bwino kusambira m'gulu. Mukapita kumudzi pa Khirisimasi n'kufuna kuyesera m'nyanja ya Malawi, funsani eni dera za ng'ona ndi mvuu, pewani malo a bango ndi madzi odikha kumene kumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo mukabwerera mukayezetse.

Maganizo anga enieni ndi akuti chaka choyamba muchite kaye theka la mtundawu, umene umatchedwa 70.3: kusambira makilomita 1.9, njinga 90, kuthamanga 21.1. Umachitikanso ku Durban. Mukaumaliza mudzadziwa ngati nyumba yanu ndi ntchito yanu zingapirire katundu wowirikiza.

Namwino wothamanga:

Ine ndimagwira ntchito yosinthana usana ndi usiku, choncho sabata yooneka bwino ngati ya mayi aja sindiidziwa, koma ndiwonjezepo ziwiri.

Mpikisano wa ku Gqeberha umagwa chakumapeto kwa dzinja la mvula, kutanthauza kuti masabata anu olemetsa adzakhala a December mpaka February, nyengo yotentha imene ku Johannesburg kumagwa mvula ya mabingu masana ndi madzulo. Chimenechi ndi chifukwa chinanso chodzukira m'mawa. Chipangizo chomangirapo njinga m'nyumba chidzakupulumutsani pakati pa sabata, pakuti ola limodzi pamenepo ndi ola lathunthu lopalasa, lopanda maloboti ndiponso lopanda mantha a galimoto mumdima. Koma Loweruka tulukani panja ngakhale kukuwomba mphepo, chifukwa Gqeberha ndi mzinda wodziwika ndi mphepo, ndipo pa mpikisano saloleza kubisala kumbuyo kwa njinga ya mnzako.

Chinanso ndi chakudya. Nsima ya usiku ikuthandizani kubwezeretsa mphamvu, koma pa njinga thupi limafuna magalamu 60 mpaka 90 a zakudya za shuga ndi sitalichi pa ola lililonse, pamodzi ndi madzi ndi mchere. Mimba nayo imaphunzitsidwa, ndiye zimene mudzadye pa mpikisano muziziyesa Loweruka lililonse. Mukaona kuti tulo tikusowa ngakhale mwatopa, mtima ukugunda mofulumira podzuka, chimfine sichikuchoka, kapena mwayamba kupsera mtima ana ndi anzanu a ku ntchito, pumani masiku angapo osadziimba mlandu. Ndipo ngati muli ndi BP, shuga, kapena kubanja kwanu kuli matenda a mtima, muonane ndi dokotala musanayambe.

Wapanjinga wa ku Randburg:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Takambirana kunyumba, ndipo tagwirizana kuti ndiyambe ndi 70.3 ya ku Durban, uku ndikuphunzira kusambira ndi mphunzitsi, kenako tidzaonenso za mtunda wonse. Ndatsala ndi funso limodzi kwa inu mayi a ku Durban: masiku anga a tchuthi cha ku ntchito ndi owerengeka, kodi ndiwasungire sabata ya mpikisano kapena ndiwagwiritse ntchito pokonzekera?

Mayi wa ku Durban:

Agaweni, achimwene. Tengani Lachisanu limodzi kapena awiri m'masabata olemetsa kuti ulendo wautali wa njinga muuchite ana ali ku sukulu, Loweruka likhale la banja. Masabata awiri omaliza mudzakhala mukuchepetsa zokonzekera, choncho tchuthi simudzachifuna kwenikweni, kupatula masiku awiri oti mufike msanga, mulembetse, muone njinga ndi kulawa madzi a m'nyanja, ndi tsiku limodzi mpikisano utatha, chifukwa Lolemba limenelo miyendo sidzakulolani kukhala pa desiki.