Ana a Gogo Banda: za mawu a Nabanda

Lachisanu madzulo

Madalitso: Mwaswera bwanji nonse. Amalume, mundilole ndifotokoze za amayi. Ndapeza dokotala wa kummero kuno ku Johannesburg amene ali ndi makina aja analembedwa pa kalata ya ku Blantyre, a stroboscopy. Malo alipo sabata yoyamba sukulu zikatsekera. Kuonana naye pamodzi ndi kujambula akuti R4,800. Basi ndi yapadera.

Malume Yohane: Zikomo mphwanga. Koma ndifunseko. Ku Blantyre kuja anawalowetsa kale kapaipi ka kamera m'mphuno n'kuona kummero. Makhololo anayeza, TB palibe. Nanga tikalipirenso kuti akaone zomwe zinaonedwa kale?

Mayi aang'ono Grace: Funso langa ndi lomwelo achimwene. Bwanji ayambe apuma pa holide, azimwa uchi ndi jinja, tione Januwale?

Tadala: Mayi aang'ono, uchi akhala akumwa kuyambira Ogasiti. Dzulo ndinawaimbira, anayankha mawu atatu okha, kenako ndinkangomva mpweya pafoni.

Esnart Nabanda: Ndilembe ndekha poti zala zikugwira. M'kalasi mwanga muli ana 118 a Sitandade 2. M'mawa mawu amatuluka osasa koma ana amamva. Ikamati 10 koloko atheratu, ndimachita kumenya tebulo ndi dasitala kuti atembenuke. Ku Chigwirizano ndinayesa kuyambitsa nyimbo, pokweza mawu anagawika pawiri ngati tikuimba anthu awiri osagwirizana. Ndinakhala pansi, misozi ili mbwee. Sichipweteka ayi, koma ndatopa nazo.

Chikondi: Pepani azakhali. Ndangoweruka kumene, ndiyankhe funso la ababa chifukwa kuyeza kumeneku ndimakuona sabata iliyonse ku kiliniki yathu kuno ku Leicester, ku England.

Chikondi: M'kholingo muli timinofu tiwiri totalika ngati chikhadabo. Tikamapuma timatseguka, tikamalankhula timakumana ndipo mpweya wochokera m'mapapo umatigwedeza. Kwa abambo timagwedezeka pafupifupi ka 100 kapena kuposerapo pa sekondi imodzi, kwa amayi ngati ka 200. Azakhali akakweza nyimbo ndiye kuposa apo. Diso silingatsatire zimenezo. Kamera ya ku Blantyre inaonetsa kuti mbali imodzi pali kotupa, ndipo inagwira ntchito yake, koma kagwedezekedwe kake sinakaone. Zili ngati masipoko a njinga ya kabaza ikamathamanga, mumadziwa kuti alipo koma simungaloze yothyoka.

Malume Yohane: Ndiye makina enawo amaimitsa njingayo?

Chikondi: Sayimitsa ababa, amanyenga diso. Amaika kamaikolofoni pakhosi kuti kamve liwiro la mawu, ndiye getsi la pa kamera limayaka n'kuzima motsatira liwirolo, koma mochedwerako pang'ono. Mukukumbukira usiku wa mvula mphezi ikamang'anima, munthu akuyenda pabwalo? Kung'anima kulikonse mumamuona wasuntha pang'ono. Zithunzi zimenezo zikalumikizana, pa sikirini timinofu tija timaoneka tikutseguka ndi kutsekeka mwapang'onopang'ono, mpaka kakhungu kapamwamba kamaoneka kakuyenda ngati mafunde.

Chikondi: Mafunde amenewo ndi amene adokotala akufuna. Ngati ali tizilonda touma ta aphunzitsi ndi oimba, timene nthawi zambiri timamera mbali zonse ziwiri moyang'anizana, mafunde amayendabe ndipo kawirikawiri mankhwala ake ndi kuphunzira kalankhulidwe kosapweteka kummero, popanda mpeni. Ngati ndi kathumba kobisika mkati mwa mnofu, pamalo pamenepo mafunde amachepa kapena kufa, ndipo kameneko sikachoka ndi uchi. Pa kamera wamba ziwirizi zimatha kufanana. Wa ku Blantyre uja sanafune kudula asanadziwe, chifukwa chipsera pa mnofu umenewu chimatha kusasitsa mawu mpaka kalekale.

Malume Yohane: Ndamva tsopano. Ndi ng'oma imeneyi. Ukamata phula pakati pa chikopa, ng'oma imasintha kulira ngakhale chikopa chili chomwecho. Woimba amadziwira pogunda, osati pongoyang'ana.

Chikondi: Ndendende ababa. Ndipo azakhali, munthu amene amatchuka kuti anadzionera yekha timinofu timeneti tikugwira ntchito anali mphunzitsi wa kuimba, Manuel García wa ku Spain, mu 1854. Anagwiritsa ntchito kagalasi ka madokotala a mano, galasi lina la m'manja ndi kuwala kwa dzuwa. Ndikamathandiza aphunzitsi ku kiliniki ndimawauza zimenezi, amamasuka.

Mayi aang'ono Grace: Ine ndinene chimene chikundisowetsa tulo. Bambo athu anayamba chonchi. Mawu kusasa, kenako nsima kukana kutsika. Mwina n'chifukwa chake ndimafuna tichedwe, ndikuopa kumva.

Tadala: Ifenso tikuganiza zomwezo, tinkangosowa woyamba kunena.

Chikondi: Mwachita bwino kunena azakhali aang'ono. Agogo ankasuta chingambwe kuyambira unyamata, ndipo fodya ndi mowa ndi zimene zimabweretsa khansa ya kholingo kwambiri. Azakhali sasuta, samwa, akumeza bwino, sanaonde. Zimenezo zikundilimbitsa mtima. Koma sindinama kuti makina amenewa amatsimikiza khansa kapena kuikana. Chimene amachita n'kuloza malo ouma osagwedezeka, ndipo akawapeza amadulapo kachidutswa kukayeza ku labu. Kuno munthu wa zaka 45 kupita m'tsogolo akasasa mawu nthawi yaitali popanda chifukwa chodziwika amatumizidwa kwa dokotala wa kummero mwachangu. Miyezi inayi yakwana, tisadikirenso Januwale.

Esnart Nabanda: Zimapweteka mwanawe? Kapaipi kaja kanandiyetsemulitsa mpaka manyazi.

Chikondi: Sagonetsa tulo, ndipo ndi mphindi zochepa. Mwina adzera m'mphuno ngati poyamba atapopera mankhwala ochititsa dzanzi, kapena alowetsa kachitsulo kowongoka m'kamwa atagwira lilime ndi kansalu. Kameneko sikatsika kummero, kamangosuzumira. Inu muzingoti "iiii", motsika, mokweza, mofatsa, mokuwa pang'ono. Mukamva ngati mseru pumirani m'kamwa pang'onopang'ono, amadikira.

Chikondi: Asuweni, chofunika kwambiri: pemphani nthawi ya m'mawa. Mawu akasasa kwambiri kapena kugawika pawiri, kamaikolofoni kamalephera kugwira liwiro, getsi limang'anima mosokonekera ndipo chithunzi chimangonjenjemera. Pali makamera ena ojambula zithunzi masauzande pa sekondi amene sadalira mawu, koma sapezeka paliponse. Ndiye afike ali ndi timawu tawo ta m'mawa tija.

Madalitso: Anandipatsa 2 koloko masana. Mawa ndiimba asinthe.

Mayi a Takondwa: Amayi, kuno mudzangogona ndi kunyamula mdzukulu. Alendo a kutchalitchi ndiwauza abwere mukachoka kuchipatala, chifukwa ndikudziwa simungakhale chete anthu atakupezani.

Chikondi: Zikomo mlamu. Ndipo azakhali musamanong'one poganiza kuti mukupumitsa mawu, kunong'ona mokakamiza kumatopetsanso kummero. Lankhulani mofatsa kapena lembani. Madzi azikhala pafupi, utsi wa nkhuni muziupewa.

Loweruka m'mawa

Malume Yohane: Ndagona nazo. Tipite. Ine ndigulitsa matumba a soya, tikiti yopita ndi yobwera ya achemwali ndi yanga. Koma asayende okha. Pa Mwanza, pa Nyamapanda, pa Beitbridge ponse amafunsa mafunso, munthu wopanda mawu ayankha bwanji? Ndiponso akamakuwa pa mabodala akafika mawu atatha.

Tadala: Ndipita nawo ine amalume. Tchuthi ndili nacho, pasipoti yanga ili bwino. Ya amayi ndione tsiku lothera ndikafika ku Dedza Lamlungu. Tikiti yanga ndidzilipirira.

Madalitso: Asintha, ndi 8:30 m'mawa. Ine ndiika R2,000. Afike masiku awiri lisanakwane tsikulo kuti apume, ulendowu ndi wa masiku awiri pa msewu.

Chikondi: Yotsalayo R2,800 ndi yanga, nditumiza kwa asuweni malipiro akalowa.

Mayi aang'ono Grace: Ine ndalama yanga ndi yochepa koma kamba wa panjira ndi wanga, ndiika pa Airtel Money ya Tadala. Nkhuku ndi mbuzi za achemwali nditumiza mnyamata wanga azikagona kumeneko.

Esnart Nabanda: Ndawerenga zonse kawiri. Mulungu akudalitseni ana anga, achimwene zikomo. Grace usalire, tikamva limodzi. Chikondi, kodi adzandionetsa ine sikiriniyo? Zaka 29 ndikuphunzitsa ndi kuimba, ndikufuna ndione timinofu timeneti ndi maso anga.

Chikondi: Pemphani, ambiri amaonetsa akangomaliza. Tadala, tenga kalata ya ku Blantyre, zotsatira za makhololo, buku la kuchipatala ndi mayina a mankhwala onse amene akumwa, ngakhale a chilungulira aja. Ugulenso fulashi, mupemphe akuikireni vidiyoyo ndi lipoti, kuti dokotala wa ku Blantyre adzaone yekha mukabwerera.

Tadala: Ndalemba. Amayi, buku la kuchipatala lija lili mu sutikesi kapena munalisiya kusukulu?

Esnart Nabanda: Lili mu kabati ya kusukulu, makiyi ali ndi ahedi. Ndikatenga Lolemba.