Ndithandizeni, mwana wanga akutha ndi kachasu

Membala wobisa dzina:
Adimini chonde bisani dzina langa, pagulu pano pali abale. Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala mbali ya ku Makawa. Mwana wanga wachisamba anali wofatsa, wa ku madrasa, koma chilowereni ulovi, ntchito ya usodzi, wasanduka wina. Akabwera ku kauni, kopha usipa usiku, m'mamawa, mwini boti akangowagawira zawo, pakhomo safika. Amakhotera kwa mayi wina wotcheza kachasu kuseri kwa mathandala a usipa. Mwezi ukawala kapena mwera ukawomba osalowa m'madzi, ndiye amaswera komweko. Mayi ameneyu tili naye limodzi ku banki m'khonde, K40,000 anatenga sanabwezebe, koma chitenje chatsopano sabata iliyonse, ndipo akandiona amandipatsa moni ngati palibe kanthu. Bambo a mwanayu ali ku Joni chaka chachisanu, foni amaimba pa Eid pokha. Apongozi anga akuti ndamulekerera ndine, chonsecho mdzukulu wawoyo akaledzera amathamangira kwa iwo n'kumuphikira nsima. Batire ya sola inasowa, mbuzi yanga yamkota inasowa, ndafunsa mpaka kutopa. Ine BP yakwera. Kodi pali mankhwala oika m'phala kuti mowa aziuda? Ndichite bwanji abale anga?

Che Mjomba wa ku Joni:
MWANA SALAKWA, OLAKWA NDI MAKOLO. Ife tinakula ndi chikoti, lero mukuti ufulu wa ana. Mtumizeni kuno adzaone mmene ndalama imavutira, mowa adzausiya yekha pasanathe mwezi.

Mnyamata wa Kabaza:
Ankolo, ku Joni kulibe mowa? Kkkkk anzathu angati abwera kuchokera kumeneko ali mbuu, chikwama chilibe ngakhale bulangete?

Che Mjomba wa ku Joni:
Iwe ndakuyankhula? Zaka 14 ndili kuno, nyumba ya malata ku Namwera ndamanga ziwiri. Iwe wamanga chiyani ndi njinga yobwereka?

Namwino Wotopa:
Amayi pepani ndi zimenezi. Ali ndi zaka zingati? Amamwa tsiku lililonse? Akadzuka m'mawa asanamwe, manja amanjenjemera? Ndiyankheni zimenezi kaye. Za m'phalazo musayese, mungamuwononge chiwindi chomwe chatopa kale.

Mayi a Mapasa:
Ine wanga mwamuna anali chimodzimodzi. Ndinapita kwa asing'anga atatu, wina anandipatsa ufa wakuda woti ndithire m'ndiwo, bambo anasanza usiku wonse, kutacha anapita kukatsuka m'kamwa ndi kachasu yemweyo. K25,000 ndi tambala woyera zinapita. Pano tinasiyana, ali ku Monkey Bay ndi mkazi wina, akumwa limodzi. Limbani mtima achemwali.

Wa ku M'baluku:
Mbuziyo musaifunenso, inamwedwa.

Che Mjomba wa ku Joni:
Ndipo azimayi otcheza kachasu ndi amene atha mudzi. Amfumu akutani? Kale mfumu imalamula mbiya ziphwanyidwe. Lero mfumu yomweyo imalandira botolo la mutu ngati msonkho.

Mayi Geni:
Bambo inu musatitukwane. Mukathawira ku Joni n'kusiya mkazi ndi ana asanu, fizi ichokere kuti? Madeya ndi shuga ndi zimene zaphunzitsa ana ambiri kuno. Ine sinditcheza, koma mayi anga anatcheza, ndipo ndinafika Fomu 4 ndi ndalama imeneyo. Palibe amene amakokedwa ndi chingwe kupita kukamwa.

Che Mjomba wa ku Joni:
Fomu 4 ya misozi ya anzanu.

Mayi Geni:
Tumizani kaye ndalama kwanu musanayambe kulalikira.

Mphunzitsi Wopuma:
Tiyeni tione patali. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti chifukwa ana asukulu ankaubisa m'matumba a yunifomu, koma mowa womwewo unangosamukira m'timabotolo ta pulasitiki, ndipo kachasu sanakhudzidwe n'komwe. Mu 2017 kunakhazikitsidwa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa, lamulo likuti wosakwana zaka 18 asagulitsidwe, koma kugombe ndani amafunsa chitupa? Ine ndinaphunzitsa m'mbali mwa nyanja ya Malombe zaka zambiri. Mnyamata wa Sitandade 6 amagwira ndalama usiku umodzi imene ine ndimaidikira mpaka mwezi uthe. Umuuza chiyani za sukulu? Ndalama ya m'madzi imabwera yonyowa, siikhala m'thumba.

Mnyamata wa Kabaza:
Aphunzitsi mwalemba mayeso kapena ndemanga? Kkkk

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Za amfumuzo ndinapita, anati tidzakambirana Lachisanu tikachoka ku mzikiti, mpaka lero. Ndipo mkazi wa amfumuwo ndi msuweni wake wa mayi wa kachasu uja, ndiye mukuona. Ngakhale poto wanga wamkulu anabwereka pa chinamwali chaka chatha sanabweze.

Namwino Wotopa:
Amayi, potoyo tiyeni timusiye kaye. Zaka zake? Kunjenjemera?

Mlovi Weniweni:
Inu simudziwa za m'madzi. Usiku wonse ukukoka ukonde wa chilimira, mphepo ya June ikukulowa m'mafupa, zovala zonyowa. Anyamata amamwa kuti thupi lifunde ndi kuchotsa mantha. Ena fodya wamkulu kuti mphamvu zibwere. Sindikuti n'zabwino. Mnzathu wina anagwa m'boti ataledzera, munthu wodziwa kusambira ngati ng'ona, tinamupeza tsiku lachitatu. Amayi, pitani kwa mwini botiyo mukagwirizane kuti gawo lina la ndalama azikupatsani inu kapena atsibweni ake. Kwathu ena amatero.

Namwino Wotopa:
Achimwene, mowa sufunditsa. Umangotsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kutentha pomwe thupi likutaya kutenthako. Akagwera m'madzi amafooka msanga. Koma za ndalamazo mwanena zoona.

Che Mjomba wa ku Joni:
CHAMBA CHIMENECHO. Ndinadziwa. Boma linaloleza chamba, lero mukudabwa chiyani?

Mphunzitsi Wopuma:
Ayi bambo, lamulo la 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, kwa okhala ndi layisensi. Kusuta ndi mlandu mpaka lero.

Che Mjomba wa ku Joni:
Chamba ndi chamba aphunzitsi. Chizungu chanucho chasintha fungo lake?

Mtumiki wa Moto:
Chimenecho ndi chiwanda cha kumtundu. Bwerani naye Lamulungu, ndilembereni ku inbox.

Dada wa ku Malindi:
Mayiwa anena za madrasa, inu mukuti Lamulungu. Pitani kwa ashehe amayi, akamulangize ndi kumuchitira dua. Komanso anyamata a pamzikiti azimutenga, asamakhale yekha.

Mtumiki wa Moto:
Chiwanda sichifunsa chipembedzo.

Wa ku M'baluku:
Mupezereni mkazi, aona kuti kachasu ndi wozizira.

Mayi a Mapasa:
Kuti mwana wa eni akavutike ngati ine? Musatero.

Mlangizi wa Zaumoyo:
Yambani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu kapena chipatala chaching'ono. Iwo angakutumizeni ku chipatala cha boma pa Mangochi kwa oona za matenda a maganizo, zikavuta amatumiza ku Zomba Mental Hospital. A St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu nawonso amathandiza ofuna kusiya mowa. Mutha kuimbanso Chipatala Cha Pa Foni. Ngati akumenya anthu pakhomo, kupolisi kuli Victim Support Unit.

Che Mjomba wa ku Joni:
Zomba ndi kwa amisala. Mukufuna mudzi wonse uzimuloza? Mutsekereni m'nyumba sabata imodzi, madzi ndi phala basi. Ine mphwanga ndinamutero.

Membala wobisa dzina:
Ankolo zimenezo ndi zomwe atsibweni ake achita. Anabwera kuchokera ku Katuli, anamutsekera kuchipinda Lolemba madzulo, lero Lachitatu. Ali ndi zaka 27, wakhala akumwa tsiku ndi tsiku zaka zinayi. Koma chiyambireni dzulo akungotuluka thukuta, kapu ya madzi sakutha kuigwira, usiku anakuwa kuti pakhoma pali linthumbu pomwe palibe kanthu. Apongozi akuti walodzedwa ndi mayi uja chifukwa cha ngongole ija.

Namwino Wotopa:
Amayi bwanji simunayambe ndi zimenezi! Tsegulani chitseko, pezani galimoto, pitani naye kuchipatala PANOPA, musadikire kuche. Munthu amene thupi lake lazolowera mowa akausiya mwadzidzidzi, tsiku lachiwiri ndi lachitatu ndi pomwe pali ngozi. Atha kugwa ngati wakhunyu, ena amafa. Mukafika nenani zoona, wamwa zaka zingati, anamaliza liti. Akagwa panjira mugonekeni chammbali, musamuike kanthu m'kamwa. Pa njinga yamoto ayi, angagwe.

Che Mjomba wa ku Joni:
Ndi mowa ukutuluka m'thupi umenewo. Mphwanga anaonanso njoka, lero ali bwinobwino.

Mnyamata wa Kabaza:
Ankolo khalani chete kamodzi. Amayi muli chakuti ku Makawa? Mnzanga ali ndi Sienta pa siteji, ndimuimbire?

Membala wobisa dzina:
Muimbireni mwanawanga. Koma kiyi ali ndi atsibweni ake, ndipo apita kumsika.