Ndasiya kuponya ndalowa u-ampaya, koma maso akutsalira pa crease

Seamer wakale: Akuluakulu thandizeni. Zaka zonsezi ndinali bowler (woponya mpira) mu cricket, bondo litakana ndinalowa u-ampaya (woimbira masewero), ndiye Loweruka ndachita manyazi. Ndikuyang'ana phazi la bowler pa popping crease (mzere womwe sayenera kupitirira poponya) kuopa no-ball, podzutsa maso mpira wagunda kale pad ya pa mwendo wa batsman, onse akukuwa howzat (kupempha kuti ndimutulutse) ine sindinaone n'komwe pomwe wagwera. Ma LBW awiri (mwendo kutchinga mpira wopita ku ma stumps) ndangoti not out mtima uli phaphapha. Keeper nayenso tinkasewera timu imodzi, akungondiitana dzina la ku nets. Mumatani inu?

Square leg: Mukuima pafupi kwambiri ndi ma stumps achimwene. Bwererani m'mbuyo pang'ono, mutu usagwedezeke, ziyende ndi maso okha. Ndipo musathamangire kukweza chala.

Mdala wa ma bails: Vuto la inu osewera akale ndi limeneli, mumaona ngati mukudziwa kale. Werengani Malamulo a MCC, kalabu yomwe imalemba malamulo a cricket. Simon Taufel sanasewereko first-class koma anatenga mphoto ya ampaya wa chaka ya ICC (bungwe la cricket padziko lonse) kasanu, 2004 mpaka 2008.

Square leg: Nanga Kumar Dharmasena madala? Anawina World Cup ndi Sri Lanka 1996, kenako waimira ma final awiri, 2015 ndi 2019. Paul Reiffel nayenso anali bowler wa Australia.

Mdala wa ma bails: Dharmasena yemweyo pa final ya ku Lord's 2019, mpira wa Guptill utagunda bat ya Stokes n'kupita ku boundary, anapereka ma run 6 m'malo mwa 5 poti ma batsman anali asanadutsane pomwe mpira umaponyedwa. Law 19.8. Werengani Malamulo.

Wa ma scorebook: Kkkk ine gemu yanga yoyamba mpira utagunda pad ndinatsala pang'ono kukuwa nawo, dzanja linali litanyamuka kale, ndinangonamizira kukonza chipewa. Over ina ndinaponyetsa mipira 7 m'malo mwa 6, timiyala towerengera mipira tinasokonekera m'thumba. Za keeper uyo samalani, osaseka naye, mukamuyankha kamodzi basi timu inayo iziti mukukondera ngakhale mutagamula zoona. Lankhulani ndi captain wake.

Seamer wakale: Malamulo ndinawerenga madala, mayeso ndinakhoza, chikundivuta ndi maso.

Mdala wa ma bails: Kukhoza mayeso si kuwerenga. Law 36 ya LBW mwaibwereza liti?

Wa ma scorebook: Paja alipo ali ndi counter yapadera yowerengera mipira? Yanga spring inaduka.