Amayi anawasamutsira kumtunda, koma eni mudzi akuwaletsa kulima

Membala wobisa dzina: Abale anga pa gulu pano, ndithandizeni nzeru, tulo sindikupeza. Amayi anga ndi a ku Makhanga, ku Nsanje. Madzi a Freddy mu Marichi 2023 anakokolola nyumba, mbuzi zisanu ndi chimanga chonse. Atakhala pa kampu miyezi ingapo anawasamutsira kumtunda. Ine ndimagulitsa kaunjika ku Limbe, ndinadzimana n'kutumiza ndalama ya malata 18. Achimwene anagulitsapo asanu, ati ya thiransipoti, ndipo chifunsireni nkhaniyo alamu anga sandiyankhula. Pamaliro a malume ngakhale moni sanandipatse. Tsono amayi analambula kamunda kuseri kwa nyumba kuti adzale mapira, koma kunabwera bambo wina n'kuzula zikhomo, ati malowo ndi a agogo ake. Pamjigo amatunga pomalizira, amawatchula obwera. Panopa akuti abwerera kudimba. Ali ndi zaka 67, mwendo umodzi umawavuta. Ndiwalole?

Mkulu Chilungamo: MUSAWALOLE. 2015 madzi, 2019 Idai, 2022 Ana, 2023 Freddy. Mukufuna aphunzire kangati? Anthu akuchigwa timawadziwa, amakakamira m'madzi podikira ufa ndi mabulangete.

Mwana wa ku Muona: Akulu, munafikako kwathu inu? Madzi akaphwa dimba limabereka mbatata, nyemba ndi chimanga chachiwiri popanda feteleza, nsomba zili pafupi. Kumtunda n'kouma gwa. Munthu angaike moyo wake pachiswe chifukwa cha bulangete? Manda a makolo athu alinso komweko.

Mkulu Chilungamo: Manda amadyetsa munthu? Ruo akasefukira safunsa za manda.

Amake Tadala: Mwandikumbutsa zowawa. Ife tinali ku Chilobwe, matope atatsika m'phiri la Soche ndinathawa ndi mwana kumsana, chitenje chokha. Aneba anga sanatuluke. Mpaka lero mvula ikamalira pamalata ndimakhala tsonga usiku wonse. Ambuye akhale nawo amayi anu.

Nankhoma: Funso langa ndi limodzi, malowo anawapatsa ndani? Boma linagula, kapena amfumu anangoloza ndi dzanja? Pali pepala? Komanso anapatsidwa pomanga pokha kapena ndi munda womwe?

Wa ku Joni: Malata asanu thiransipoti? Achimwene anuwo anapita pa ndege? 😂

Gogo wa Anayi: Mwanawe, mayi wako akutunga madzi pomalizira iwe uli m'tauni kuwerenga malata? Katenge mayi ako ukhale nawo.

Mlimi wa ku Phalombe: Eni mudzinso muwamvetse. Kwathu tinalandira mabanja ochokera m'mbali mwa phiri, koma minda ndi yomwe ija, ana athu akukula. Chithandizo chikabwera chimalumpha nyumba zathu, pamene ifenso mbewu zinapita ndi madzi. Mkwiyo umayambira pamenepo.

Mkulu Chilungamo: Mwamva? NDI ZOMWE NDIKUNENA. Dziko lino tinazolowera kulandira.

Mlimi wa ku Phalombe: Ayi bambo, sindinanene zimenezo, musandiike mawu m'kamwa.

Nankhoma: Mchemwali, musakangane ndi bamboyo panokha. Pitani ndi amayi kwa anyakwawa omwe anawalandira, pakhalenso a komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Zikakanika, kwa agulupu, kenako ku ofesi ya DC. Malire aponde pamaso pa mboni ndipo zilembedwe.

Mwana wa ku Muona: Ambiri kwathu akugona kumtunda, kudimba amangotsikira chilimwe kukalima, mvula ikayandikira n'kukwera. Koma ndi mwendo umenewo pafunika mdzukulu wa njinga.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Agogo, ndimakhala chipinda chimodzi cha lendi ndi ana atatu, amayi ndikawagoneka pati? Ndipo malata aja sanali asanu, ndangomva kumene kuti anali asanu ndi awiri.

Nankhoma: Pepani ndithu. Nanga pepala lija lilipo?