Ntchito ya mu data centre kuno ku Johannesburg: kodi munthu amakhutira nayo?

Mnyamata wa ku Ntcheu:

Moni nonse akuluakulu. Ndakhala zaka zitatu ndikukonza makompyuta ndi kukoka mawaya a intaneti m'maofesi ang'onoang'ono cha ku Randburg, ndipo sabata yatha kampani ina inandiitana kuti ndikayambe ntchito ya utekinishani mu data centre, nyumba yaikulu yosungiramo makompyuta amphamvu a makampani, cha ku Kempton Park. Malipiro ake ndi okwererapo, koma andiuza kuti ndizigwira maola 12 pa shifiti, masiku anayi motsatizana kenako n'kupuma anayi, ndipo theka la mashifitiwo ndi ausiku. Ndikupempha amene munagwirapo ntchitoyi mundiuze zoona: tsiku limayenda bwanji mkatimo, nanga munthu amakhutira nayo kapena amangopirira chifukwa cha ndalama? Ndili ndi mkazi ndi mwana wakhanda ku Tembisa, choncho sindikufuna kuvomera mothamanga.

Wa shifiti yausiku:

Achimwene, ine ndatha zaka zisanu ndi chimodzi m'nyumba zimenezi. Mbali yaikulu ya ntchitoyi ndi ya manja ndi miyendo, osati yokhala pa mpando ngati mmene anthu kumudzi amaganizira akamva kuti mumagwira za makompyuta. Kasitomala ali ku London kapena ku Nairobi amatumiza tikiti (uthenga wopempha ntchito) yoti mupite pa rack (shelefu ya makompyuta) yakuti, muchotse hard drive (kachipangizo kosungira mafayilo) imene ikuyatsa getsi lofiira, muikepo ina, mujambule chithunzi ndipo mumuyankhe nthawi imene inalembedwa mu mgwirizano isanathe. Mudzanyamula ma server (makompyuta oikidwa mu rack) olemera, mudzagwada pansi kulondola chingwe chimodzi pakati pa mazana, ndipo simudzaloledwa kukhudza chilichonse popanda chilolezo cholembedwa, ngakhale mukuona ndi maso kuti vuto lili pati.

Thupi nalo limamva. Kutsogolo kwa makina kumauzira mphepo yozizira, kumbuyo kwake kumatuluka mpweya wotentha ngati wa mu uvuni, ndipo inu mumayendayenda pakati pa ziwirizi usiku wonse, m'chipinda chopanda zenera. Mafani amalira osalekeza, moti zotseka m'makutu musazione ngati zamanyazi. Ine ndinazinyozera chaka choyamba ndipo ndinkafika kunyumba mutu ukulira. Koma chimene chinandipweteka kwambiri ndi tulo. Kugona masana m'chipinda cha lendi, ana a eni nyumba akusewera panja, si kugona kwenikweni, ndipo tsiku loyamba mwa masiku anayi opumawo limangothera pa bedi. Poti muli ndi khanda, kambiranani ndi mayi a kunyumba musanasaine.

Za kukhutira ndinene mosabisa kuti ntchito iyi ilibe woyamika. Zonse zikamayenda bwino palibe amene amadziwa kuti muliko, koma mukangozula chingwe cholakwika kamodzi, dzina lanu limamveka mpaka kwa mabwana amene simunawaonepo.

Mayi wa ku Midrand:

Achimwene a ku Ntcheu, funso loyamba lisakhale la kuzizira, koma lakuti wakulembani ntchito ndani. M'nyumba imodzi mumakhala anthu ovala mofanana, ena olembedwa ndi eni nyumbayo, ena ndi kampani ya kontirakiti, enanso obwera kudzera kwa labour broker (kampani yobwereketsa antchito kwa makampani ena), ndipo medical aid (inshuwalansi ya kuchipatala), penshoni ndi mwayi wa maphunziro zimasiyana kutali. Anzanga ambiri amene ndinawaona akunyansidwa ndi ntchitoyi anali a magulu awiri omalizawa.

Werenganinso kontirakiti yanu moyerekeza ndi lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997. Lamuloli limati maola wamba asapitirire 45 pa sabata, ovataimu ilipidwe kamodzi ndi theka, ndipo wogwira pakati pa 6 koloko madzulo ndi 6 koloko m'mawa apatsidwe alawansi kapena achepetseredwe maola, komanso pakhale mayendedwe opita ndi kubwerera kunyumba. Chenjerani pa mfundo imodzi: amene malipiro ake apitirira malire amene nduna ya zantchito imalengeza satetezedwa ndi ndime za maola ndi ovataimuzi, kotero kwa iye chimene chalembedwa mu kontirakiti ndicho chimagwira ntchito. Afunseninso za standby, chifukwa kukhala ndi foni ya kuntchito pa tsiku lanu lopuma, osatha kupita ngakhale ku maliro ku Pretoria, ndi ntchito ndithu ndipo iyenera kukhala ndi mtengo wake. Mapepala anu okhalira ndi kugwirira ntchito m'dziko muno akhalenso olongosoka, popeza malo amenewa amafufuza mbiri ya munthu asanamupatse khadi lolowera.

Wamagetsi wa ku Zomba:

Ndikugwirizana ndi amayiwa, koma pa zoti ntchitoyi ilibe chokoma ndikusiyana pang'ono ndi achimwene a shifiti yausiku. Ine ndili mbali ya magetsi ndi zoziziritsa. Mu 2023, pamene kampani ya magetsi ya Eskom inkazimitsa magetsi pafupifupi tsiku lililonse mpaka kufika pa stage 6 (mlingo umene magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku), tinkaona mabatire a UPS, amene amalowerera magetsi akangozima, akunyamula katundu yense kwa masekondi angapo mpaka majenereta atadzuka, ndipo tinkawerengera dizilo ngati mmene mayi amawerengera ufa m'mwezi wa February. Tinatopa koopsa, koma ndikatuluka m'mawa n'kuona anthu akulipira ndi khadi pa sitolo mzinda uli mu mdima, ndinkadziwa kuti dzanja langa lilipo pamenepo, ngakhale panalibe wondiuza zikomo.

Chinanso n'chakuti ntchitoyi ikukula. Microsoft inatsegula ma data centre ake otchedwa Azure kuno mu 2019, Google Cloud inabwera mu 2024, ndipo kampani ya ma data centre ya Teraco, imene imasunga NAPAfrica (malo olumikizirana makampani a intaneti) ku Isando m'dera la Ekurhuleni, yakhala ikumanga nyumba zina ku Ekurhuleni konko. Ngozi imene ndimaona ndi yokhazikika pa kusintha ma hard drive zaka khumi osaphunzira china. Usiku pamakhala maola awiri kapena atatu abata, ndipo anyamata amene anawagwiritsa ntchito powerengera mayeso a satifiketi za netiweki monga Network+ kapena CCNA ambiri anachoka pa mashifiti n'kupita ku magulu a netiweki ogwira masana.

Mnyamata wa ku Ntcheu:

Zikomo kwambiri nonse. Ndabwerera ku kalata imene ananditumizira ndipo ndapeza kuti dzina lili pamwamba si la eni nyumbayo, koma la kampani ya kontirakiti, ndipo za standby ndi za galimoto yausiku sanatchulepo chilichonse. Lolemba ndikawafunsa zinthu ziwirizi pamodzi ndi za ndalama ya mayeso a CCNA. Mayi a kunyumba ati avomera ndiyesere chaka chimodzi, bola tipeze kaye chipinda chakumbuyo chimene chili patali ndi msewu.