Webusaiti ya kalabu ya alimi ku Ulónguè: tiisungitse kwa ndani?

Nachisale_Angonia:

Moni nonse. Kalabu yathu ya alimi kuno ku Ulónguè imagulitsa mbewu ya mbatata ya kachewere ndi nyemba. Ogula ambiri ndi a ku Tete, Moatize ndi Beira, ena amadutsa pa Calómuè kuchokera ku Dedza. Komiti yagwirizana kuti tikhale ndi webusaiti ya masamba ochepa: zithunzi, mitengo ya sabata iliyonse, ndi imelo ya dzina la kalabu. Mnyamata amene atipangire akuti tingomupatsa ndalama, za hosting ndi domain athana nazo yekha. Pa intaneti ndaonanso makampani akunja otchipa kwambiri, ena akuti zonse n'zopanda malire. Kodi kampani yodalirika timaizindikira bwanji? Nanga tilipira bwanji, poti ambirife tili ndi M-Pesa ndi e-Mola basi?

Phiri_wa_maseva:

Amayi, musanafike pa kampani, imani kaye pa mawu a mnyamatayo. Domain ndi hosting ndi zinthu ziwiri zosiyana. Domain ndi dzina la webusaiti, hosting ndi malo pa seva (kompyuta yosunga mawebusaiti) pomwe mafayilo amakhala. Hosting ikavuta mumasamuka tsiku limodzi. Dzina likalembedwa mwa munthu wina, ndi lake, ngakhale ndalama zinachoka m'thumba la kalabu. Akasamukira ku Maputo kapena mukasemphana mawu, webusaiti ndi imelo zimapita naye.

Choncho tsegulani akaunti inu eni, ndi imelo yomwe anthu awiri a mu komiti ali ndi pasiwedi yake. Pa malo olemba mwini domain pakhale dzina la kalabu, ndipo factura ituluke ndi NUIT (nambala ya msonkho) ya kalabu. Mnyamatayo mumupatse khomo lake lolowera pa cPanel (tsamba loyendetsera hosting) kapena pa WordPress (pulogalamu yopangira webusaiti), loti mutha kutseka ntchito ikatha. Wodziwa ntchito sadzakana zimenezi.

Pa dzina lenilenilo muli ndi njira ziwiri. La .co.mz limauza ogula kuti ndinu a kuno, ndipo mayina a .mz akhala akuyendetsedwa kwa zaka zambiri ndi CIUEM, nthambi ya za makompyuta ya pa Universidade Eduardo Mondlane. La .com limagulika msanga kulikonse. Mukatenga .com dziwani kuti simungalisamutsire ku kampani ina m'masiku 60 oyamba, ndipo posamutsa pamafunika nambala yotchedwa EPP code. Funsani musanalipire ngati nambalayi mumaitenga nokha mu akaunti kapena mpaka muwachonderere. Oizungulirazungulira nkhani imeneyi asiyeni.

Mlongo_wa_ku_Moatize:

A Phiri anena zoona. Ine ndiwonjezere za seva yeniyeniyo.

Webusaiti ngati yanuyi siifuna VPS, chigawo cha seva chomwe mumayendetsa nokha. Shared hosting (yogawana seva ndi ena) yaing'ono, ya 5 GB, ikukwanirani ndi kutsala. VPS imafuna munthu woisamala mwezi ndi mwezi, ndipo ikasiyidwa ndiyo imathyoledwa msanga.

Zoti zopanda malire musazimvere. Tsegulani tsamba la malamulo awo, mupeza malire a inode, kutanthauza chiwerengero cha mafayilo, komanso malire a RAM ndi CPU, zomwe ndi mphamvu za seva. Imelo iliyonse yosungidwa ndi fayilo imodzi, ndipo chithunzi chimodzi pa WordPress chimabala timakope tingapo. Mukagunda malirewo tsamba limayamba kuonetsa uthenga wa vuto wa 508 kapena 503 m'malo motseguka, pomwe malo a disiki akuoneka kuti alipo. Kampani yolemba malire ake poyera ndi yabwino kuposa yowabisa.

Lonjezo la uptime, nthawi yomwe webusaiti imakhala ikugwira ntchito, liwerengereni m'maola. 99% ndiye kuti webusaiti itha kuzima maola oposa 7 pa mwezi popanda iwo kulakwa pangano. 99.9% ndi mphindi pafupifupi 43 pa mwezi. Pansi pa 99.9% musatenge. Mukayamba, ikani chida chaulere ngati UptimeRobot, chizikuyang'anirani mphindi 5 zilizonse ndi kukutumizirani uthenga ikagwa, kuti musamve kwa wogula.

Komwe seva ili n'kofunikanso. Yomwe ili ku Johannesburg imayankha msanga kwa munthu wa kuno kuposa ya ku Ulaya, komwe ulendo wopita ndi kubwera umadya ma millisecond 150 mpaka 200 (sekondi imodzi ndi ma millisecond 1,000), ndipo ya ku America imaposa pamenepo. Tsamba limodzi limapempha zinthu makumi angapo, ndiye kuchedwako kumaunjikana. Ku South Africa kuli makampani okhazikika monga xneelo ndi Afrihost, ndipo ku Maputo aliponso ogulitsa hosting. A kunoko afunseni mosabisa kuti seva yawo ili mumzinda uti, chifukwa ambiri amangogulitsa malo omwe iwonso abwereka kunja. Si cholakwa, koma muzidziwa. Apempheni adiresi ya webusaiti imodzi yomwe ili pa seva yawo, muitsegule pa foni ya Movitel, kenako ya Vodacom, madzulo pamene netiweki yadzaza. Yeserani ku mudzi komwe, osati pa Vila pokha.

Ndipo zithunzi! Chithunzi chochokera pa foni chimalemera 3 MB mpaka 5 MB. Makumi awiri otere pa tsamba limodzi, wogula wa ku Tsangano ma megas amuthera asanaone mtengo wa thumba. Zichepetseni zifike pansi pa 200 KB chilichonse. Seva yabwino siingachiritse tsamba lolemera.

Banda_ICT_Zobue:

Pa za Johannesburg ndisiyaneko pang'ono ndi alongo. Ngati masamba sasinthasintha, mutha kuika kutsogolo Cloudflare yaulere, yomwe imasunga makope a zithunzi zanu pafupi ndi owerenga, ndipo iwo ali ndi maseva ku Maputo ndi ku Johannesburg. Zithunzi zizichokera pafupi ngakhale seva yanu ili ku Ulaya. Ndiye ine ndingayeze kampani ndi zinthu zina zitatu kaye.

Choyamba ndi bakapu, kope losungidwa la webusaiti yanu. Funsani kuti amatenga kangati, amasunga masiku angati, ndipo kubwezeretsa n'kwaulere kapena ayi. Yankho labwino ndi tsiku lililonse, masiku osachepera 14, ndipo mumabwezeretsa nokha. Komabe bakapu yomwe ili pa seva yomweyo imafa limodzi ndi sevayo, ndipo akakutsekerani akaunti chifukwa cha ngongole simuifikira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kamodzi pa mwezi tsitsani mafayilo pamodzi ndi database, muike pa flashi ya mlembi wa kalabu ndi pa Google Drive. Ambiri amatsitsa mafayilo okha, osadziwa kuti mawu onse ndi mitengo ya WordPress zili mu database.

Kenako imelo. Kuyambira February 2024 Gmail ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo, moti imelo yopanda SPF kapena DKIM, zizindikiro zotsimikizira kuti yachokeradi ku dzina lanu, imagwera mu spam kapena kubwezedwa kumene. Pa shared hosting mumagawana IP (adiresi ya seva) ndi anthu ena, mmodzi akamatumiza zinyalala nonse mumadetsedwa. Mukangotsegula, tumizani imelo ku adiresi ya Gmail, tsegulani Show original, muone ngati SPF ndi DKIM zalembedwa PASS. SSL nayo, yomwe imateteza kulumikizana kwa wogula ndi webusaiti, isakhale yolipira, ya Let's Encrypt ndi yaulere ndipo kampani yabwino imaikonzanso yokha isanathe.

Chachitatu, alembereni funso Loweruka madzulo musanagule, muone ayankha liti ndipo m'chinenero chanji. Ngati mu komiti mumamasuka ndi Chipwitikizi kuposa Chingerezi, zimenezo zokha zitha kukusankhirani kampani.

Pa kulipira, akunja amafuna khadi la Visa kapena Mastercard. Pitani ku banki yanu, kaya BCI kaya Millennium bim, mufunse ngati khadi la kalabu n'lotsegulidwa kugula pa intaneti kunja kwa dziko ndi malire ake. A ku Maputo ambiri amalandira metikali kudzera ku banki, ena ndi M-Pesa yomwe. Mtengo woyang'ana si wa chikwangwani, koma wa chaka chachiwiri, chifukwa otchipa aja amaukweza kawiri kapena katatu.

Nachisale_Angonia:

Zikomo kwambiri abale anga, ndizitengera ku komiti Lachisanu. Chatsala chimodzi. Chaka chikatha khadi likakana, webusaiti imafa tsiku lomwelo?

Phiri_wa_maseva:

Imazima msanga, Amayi, ndipo imelo imaleka kulowa. Hosting amaitseka kaye, pakapita masiku omwe analemba m'pangano amafufuta zonse. Domain ya .com makampani ambiri amakupatsani masabata angapo oti mulipire pa mtengo wanthawi zonse, kenako imalowa m'masiku 30 a redemption momwe kuiwombola kumadula kangapo, ikadutsa apo aliyense atha kuigula. Lembani tsikulo m'buku la kalabu, mulipire kutatsala mwezi wathunthu. Domain yokhayo ilipireni zaka ziwiri kapena zitatu pamene mwangogulitsa mbatata, koma hosting yambani ndi miyezi itatu, muwaone kaye magwiridwe awo.